Chithunzi cha amuna a ku mgodi ali mbulanda chija anajambula ndani, nanga inu mungachite zomwezo pa esiteti?

Funso lachokera kwa achimwene ena a ku Kasungu omwe amajambula zithunzi za maukwati ndi za ma ID. Akuti anaona pa Facebook chithunzi chakale, amuna akuda ali mbulanda pamzere manja ali m'mwamba, wina atalembapo kuti umu ndi momwe ankawayezera agogo athu ku Theba, ena n'kumatsutsa kuti ndi cha AI. Nde akufunsa ngati chili chenicheni, ngati chinasinthapo kanthu, komanso poti iwo amaona ana akugwira ntchito m'minda ya fodya kwawoko, akufuna adziwe ngati ndi bwino kungowajambula mobisa ndi foni n'kuponya pa intaneti.

Achimwene, chithunzicho n'chenicheni ndithu, za AI zo zisiyeni. Anajambula ndi Ernest Cole, mnyamata wakuda wa ku South Africa yemwe anabadwa mu 1940 ku Eersterust kufupi ndi Pretoria, ndipo chinatuluka m'buku lake lotchedwa House of Bondage lomwe linasindikizidwa ku New York mu 1967. Amene analemba za Theba uja sanaphonye kwenikweni, kungoti nthawi imeneyo bungwe lolemba anthu opita ku migodi linali Wenela, dzina loti TEBA linabwera mu 1977. M'bukumo mulibe mayina a amuna amenewo, nde wina akamaloza kuti wachitatuyu ndi agogo anga akungolankhulapo chabe. Koma njira yake ndi yomweyo imene aliyense wokalowa mumgodi wa golide ankadutsamo, kaya wachokera ku Lesotho, ku Mozambique, ku Transkei kaya kuno kwathu, ndipo kuno ankapita ambiri zedi, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi a m'migodi ya ku Joni anali opitirira 100,000. Mukamachiyang'ana n'kumaganiza za agogo anu simukulakwitsa ayi.

Tachiyang'anitsitsaninso bwinobwino. Amuna aja atembenukira kukhoma, ife tikuwaona chakumbuyo cham'mbali, palibe wavala kanthu olo kabudula. Palibe akumenyedwa, palibe magazi, palibe akulira, ndipo n'chifukwa chake chimapweteka chonchija, chifukwa mukuoneratu kuti limeneli silinali tsiku lapadera, inali ntchito ya tsiku ndi tsiku ya madokotala a kampani, gulu ili likadutsa kubwera lina. Amenewa ndi abambo a eni, ena anasiya akazi ndi ana kumudzi, kwawo mwana sangawaone olo atavula malaya okha, koma apa aikidwa pamzere kuti aonedwe ngati thupi lawo lingapindulitse kampani. Ndipo onani pomwe wojambula waima. Nkhope sizikuoneka bwino, simungamuzindikire munthu mmodzimmodzi, nde manyazi onse akugwera amene anakonza mzerewo osati amene aima pamzerepo. Wojambula wothamangira kutchuka akanafuna nkhope ndi zonse zionekere kutsogolo kuti anthu adzidzimuke, chikanakhala chithunzi chonyazitsa anthu onyazitsidwa kale. Mfundo imeneyi muisunge, ikukhudzani kwambiri pa nkhani ya ana ija.

Anakwanitsa bwanji? Choyamba sanali mlendo pa zomwe ankajambula. Bambo ake anali telala, mayi ake ankachapa zovala za azungu, iye mwini anasiya sukulu chifukwa cha maphunziro a Bantu Education omwe boma la tsankho linakonzera akuda dala kuti azikhala antchito. Mu 1958 analowa ku magazini ya Drum ngati wothandizira wa wojambula zithunzi Jürgen Schadeberg, n'kumaphunzira kutsuka zithunzi ndi kuzisanja pamasamba, kenako anayamba kuima payekha. Apa panali vuto, chifukwa munthu wakuda ankayenera kuyenda ndi pasi yosonyeza kuti bwana wake ndani, nde wojambula wopanda bwana kwa apolisi anali lova woyenera kumangidwa kapena kuthamangitsidwa m'tauni. Iye anapita kwa akuluakulu osankhula mitundu ya anthu n'kuwapusitsa mpaka anamulemba kuti ndi mkaladi, dzina lake linali Kole analisintha kukhala Cole, ndipo poti makaladi sankayenda ndi pasi anapeza kampata koyendayenda. Ku migodi kamera inkalowa itabisidwa m'pepala la chakudya, pansi pa buledi, mlonda wa pageti n'kumaona ngati ndi kamnyamata kanyamula kamba wake basi. Ndipo sanapite kamodzi ayi, ntchitoyi inamutengera zaka zingapo za m'ma 1960, kubwerera malo omwewo, kudikira, kubwereranso. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nde musaganize kuti bukulo ndi la chithunzi chimodzi chomwe chimazungulira pa Facebook chija. Muli anthu ongolembedwa kumene akudindidwa zala, muli makomboni momwe amuna ankagona pa mabedi a simenti osanjikizana, muli masitima a m'mawa odzaza mpaka anthu kulendewera pazitseko, apolisi akumanga anthu chifukwa cha pasi, amayi akulera ana a azungu awo ali kutali, kalasi yodzaza kamwana katanyonyomala pansi thukuta likuyenderera kumaso kakulimbikira kulemba, zipatala odwala atagona pansi. Ndipo chithunzi chilichonse chili ndi mawu ake, mutu uliwonse uli ndi nkhani yofotokoza malamulo ake ndi malipiro ake. Ukamaliza kuwerenga sunganene kuti aaa mwina anangokumana ndi kapitawo mmodzi wankhanza, umaona kuti pasi ija, sitima ija, sukulu ija ndi mgodi uja zonse zinkagwirira ntchito chinthu chimodzi, kupezera azungu antchito otchipa. Kwa ine luso lake lalikulu lili pamenepa, kuposa pa kubisa kamera m'buledi komwe anthu amakonda kusimba.

Mtengo wake unali wowawa. Apolisi atayamba kumulondalonda anachoka m'dziko mu 1966 ponamizira kuti akupita ku ulendo wa chipembedzo ku Lourdes ku France. Bukulo linaletsedwa kwawo, iyenso sanaloledwe kubwerera mpaka imfa. Anakhala ku America ndi ku Sweden, anajambulako miyoyo ya akuda a ku America, koma pang'onopang'ono zinthu zinasokonekera, anasiya kujambula, nthawi zina ankagona m'misewu ndi m'masiteshoni a ku New York. Anamwalira ndi khansa mu February 1990 ali ndi zaka 49, patangotha sabata imodzi Mandela atatuluka m'ndende.

Tsono funso lanu lachiwiri, chinasintha chiyani? Ndikuuzeni zoona, pa moyo wa amuna a pamzere aja palibe chomwe chinasintha chaka chimenecho kapena chotsatira. Malipiro a akuda m'migodi anayamba kukwera m'zaka za m'ma 1970 pa zifukwa zina, mtengo wa golide unakwera kwambiri, ndiponso makampani anayamba kusowa anthu. Mu April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown ku Botswana n'kupha Amalawi opitirira 70 omwe ankabwerera kwawo, Kamuzu analetsa kulemba anthu, Mozambique inalandira ufulu mu 1975, nde eni migodi anakakamizika kukweza ndalama kuti akope anthu a ku South Africa konko. Kenako kunabwera bungwe la anthu a m'migodi la NUM mu 1982 lomwe ankatsogolera Cyril Ramaphosa, ndi sitalaka yaikulu ya 1987. Tsankho lenilenilo linadzagwa mu 1994, zaka 27 bukulo litatuluka. Amene amakuuzani kuti chithunzi chimagwetsa boma amakunamizani, kapena akufuna kukugulitsani kamera kkk. Chimene bukulo linachita n'choti linatseka pakamwa pa anthu okana. Boma la Pretoria linkauza dziko lonse kuti akuda akutukuka paokha mwamtendere, ndipo anthu a ku London ndi New York omwe anali ndi masheya m'migodi imeneyo ankakonda kumva zimenezo. Bukulo litafika m'manja mwa anthu olimbana ndi tsankho kunjako anali ndi choti atsegule patebulo n'kunena kuti nanga izi? M'dziko mwenimo linkayenda mobisa, ndipo achinyamata omwe anadzajambula nkhondo ya m'makomboni m'zaka za m'ma 1980 ambiri anaphunzirira pamenepo. Lero zithunzizo zili pamakoma a Apartheid Museum ku Johannesburg, mdzukulu wa kapitawo sanganene kuti sizinachitike.

Poti nkhani yanu ndi ya ana, munthu amene mukuyenera kumudziwa kwambiri ndi Lewis Hine wa ku America. Ameneyu anali mphunzitsi, mu 1908 analembedwa ntchito ndi bungwe la National Child Labor Committee kuti azijambula ana ogwira ntchito m'mafakitale a nsalu, m'migodi ya malasha, m'minda ndi m'misewu. Eni mafakitale sankamufuna, nde ankalowa ponamizira kuti ndi woyendera za moto, pena wogulitsa Mabaibulo, pena wojambula makina. Koma chomwe ndimamugomera ine si bodza la pageti ayi, ndi kabuku kake. Ankalemba mobisa dzanja lili m'thumba, dzina la mwana, zaka, nthawi yomwe wayamba ntchito, ndalama zomwe amalandira, ndipo poti akapitawo ankanama zaka za ana iye ankadziwa kutalika kwa batani lililonse la jekete lake kuchokera pansi, mwana akaima pafupi naye wamuyeza kale. Pali chithunzi cha kamtsikana kotchedwa Sadie Pfeifer kataima pakati pa makina aataliatali opota thonje ku Lancaster ku South Carolina, pansi pake analemba kuti ndi November 1908, msinkhu wake mainchesi 48, kagwira ntchito theka la chaka. Mwini fakitale akanatsutsa bwanji zimenezo? Chithunzi chopanda mawu otere chili ngati mboni yomwe yafika pabwalo la amfumu n'kungokhala duu, aliyense amaiyankhulira zomwe akufuna. Zithunzi zake zoposa 5,000 zikusungidwa ku Library of Congress ndi mawu ake omwe. Komabe onani nthawi yomwe zinatenga, lamulo loyamba loletsa kugwiritsa ana ntchito linadutsa mu 1916, khoti lalikulu linalithetsa mu 1918, lamulo lomwe linakhazikika linabwera mu 1938, zaka 30 chiyambireni. Hine anamwalira mu 1940 ali mmphawi, nyumba atalandidwa. Ndipo sanali yekha, kumbuyo kwake kunali bungwe lomwe linkatenga zithunzizo kupita nazo kwa aphungu, m'matchalitchi ndi m'manyuzipepala.

Zimenezi zikuonekanso posachedwapa pa nkhani ya migodi yomwe ija. Anthu omwe anadwala matenda a m'mapapo chifukwa cha fumbi la miyala ndi TB atasumira makampani a golide, wojambula wina dzina lake Thom Pierce mu 2015 anayenda m'midzi ya ku Eastern Cape, Free State ndi Lesotho kujambula anthu 56 omwe mayina awo anali pa mlanduwo, odwala ndi amayi amasiye, aliyense m'nyumba mwake, akudziwa ndipo wavomera, n'kuonetsa zithunzizo ku Johannesburg nthawi yomwe khoti linkamva nkhaniyo. Mlandu anawina ndi maloya, mu 2018 makampani anavomera kupereka 5 biliyoni rand, ndipo ndi ndalama zomwe Tshiamiso Trust ikugawa, zomwe madala athu a ku Theba ena akuzilondola mpaka lero. Zithunzizo ntchito yake inali yoti majaji ndi atolankhani aziona anthu osati manambala a mafayilo okha.

Tsono tibwere kwa inu. Kungojambula ana mobisa n'kuponya pa Facebook, yankho langa ndi ayi, musatero. Cole ankabisa kamera ndipo Hine ankabisa cholinga chake kwa mlonda ndi kwa bwana, anthu omwe anali ndi mphamvu komanso chobisa. Inu mukabisa foni kwa mwana ndi makolo ake ndiye kuti mukuba kwa munthu yemwe akuberedwa kale. Ndipo taganizirani zomwe zichitike mawa lake. Inu mwapeza ma layiki 2,000, anthu alemba kuti zachisoni, ena atukwana boma, pofika Lachitatu aiwala. Koma mwini munda nayenso ali pa Facebook kapena mphwake ali pomwepo, chigafa chake achizindikira, mwanayo amuzindikira. Inu mukudziwa bwino kuposa ine momwe matenanti amakhalira kwanuko, banja lachokera ku Mulanje kaya ku Phalombe kaya ku Mangochi, lakhala miyezi yonse likudya chimanga cha ngongole, malipiro akuyembekezera fodya akagulitsidwa ku okushoni. Akawathamangitsa mu February apita chimanjamanja, ntchito ya chaka chonse yapita, olo ya thiransipoti yobwerera kwawo alibe. Cole analipira yekha mtengo wa zithunzi zake. Apa olipira akhala anthu ena, inu muli phee ku studio kwanu.

Nde yambani opanda kamera. Khalani nawo, chezani, amveni, adziwe kuti ndinu ndani ndipo mumakhala kuti. Pofuna kujambula afotokozereni m'Chichewa chomveka kuti chithunzi chikhoza kufika mu nyuzipepala, pa foni ya bwana wawo, ngakhale kunja, ndipo akakana mwakana nawo basi. Kholo livomere, mwananso avomere. Musawalipire kuti ajambulidwe ndipo musawauze kuti tanyamulanso mtolo uja ndijambule bwino, chifukwa tsiku lomwe zidzadziwike kuti chithunzi chimodzi munachita kukonza, zonse zomwe munajambula zaka zitatu zidzatayidwa limodzi. Musawalonjezenso kuti zithunzizi zibweretsa thandizo. Mayi wa pa chithunzi chotchuka chomwe Dorothea Lange anajambula ku California mu 1936, Florence Owens Thompson, anadzadandaula atakalamba kuti nkhope yake yazungulira dziko lonse koma iye sanapezepo olo kakobiri. Nkhope ya mwana musaionetse, ndipo simutaya kanthu potero. Jambulani manja. Aliyense amene anathyolapo fodya amadziwa utomoni wakuda uja womwe umakakamira m'zala osachoka ndi sopo wamba, tsono timanja ta mwana wa zaka 9 titada choncho titagwira singano yosokera fodya, pambali pali yunifolomu yapachikidwa pa nthawi yomwe anzake ali m'kalasi, chimenecho chikunena zambiri kuposa nkhope yogwetsa misozi. Fodya wonyowa ndi mame amalowetsa chikonga m'thupi kudzera pakhungu, mwana amamva chizungulire, mutu, nseru mpaka kusanza, makolo ambiri amangoti ndi malungo. Zoterezi kamera siingaone, n'zolemba m'kabuku, tsiku, nthawi, zaka za mwana, kalasi yomwe analekezera, wagwira maola angati, wanena zotani ndi pakamwa pake. Mayina enieni akhale m'kabuku kanu kokha, apa musatsanzire Hine, nthawi yake kunalibe WhatsApp.

Chinanso chomwe ojambula ambiri amaphonya, ndipo chimandinyansa ndikachiona m'malipoti a mabungwe ena. Ukajambula mwana ali m'munda bambo ake ali poteropo, woona amangoti makolo ankhanza, osakonda sukulu, nkhani yathera pomwepo, amene amadyerera thukutalo sakuonekamo n'komwe. Bambo uja sanatenge mwana chifukwa chomuda, wapatsidwa munda woti munthu mmodzi sangaumalize ndipo alibe ndalama yolembera waganyu. Nde jambulaninso buku la ngongole momwe mwalembedwa ndowa za chimanga, mchere, feteleza ndi mankhwala zomwe adzadulidwe, jambulani kanyumba ka udzu komwe amagona, chitsime chomwe amamwa, mabelo akukwezedwa mu lole, pepala la ku okushoni losonyeza mtengo pa kilo, ndi ndalama yomwe yatsala m'manja mwa tenanti zonse zitadulidwa. Mutsatireni fodyayo kuchokera ku nazale mpaka kumsika, chaka chathunthu. Komanso musiyanitse, mwana wothandiza makolo kupalira Loweruka pamunda wa banja si nkhani yomweyi ayi, mukasakaniza zimenezi anthu a m'mudzi adzakuonani ngati wonyoza ndipo adzakhala akulondola. Lamulo lathu la zantchito limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo wa pakati pa 14 ndi 18 saloledwa ntchito yoika moyo wake pachiswe kapena yomulepheretsa sukulu. Mu 2021 nyumba ya malamulo inasinthanso lamuloli n'kuthetsa utenanti. Ngati zomwe mukuonazo zikuchitikabe ndiye kuti nkhani yanu ndi imeneyo, lamulo lilipo papepala koma kumunda silinafike.

Zithunzi zikakwana muzipita nazo kuti? Osati pa peji yanu poyamba. Nkhani ya fodya wathu inagwedezeka pomwe zithunzi zinayenda limodzi ndi anthu ena, nyuzipepala ya The Guardian ya ku Britain inatulutsa nkhani ndi zithunzi za ana a m'minda ya fodya mu 2018, mu November 2019 America inayamba kuimitsa fodya wa ku Malawi pamadoko ake chifukwa cha nkhani za ana ndi ntchito yokakamiza, ndipo mu 2020 maloya a Leigh Day anasumira makampani a British American Tobacco ndi Imperial ku khoti la ku London m'malo mwa matenanti ndi ana awo masauzande, makampaniwo akukana mlanduwo. Dziwaninso kuti chiletso cha America chija chinadetsa nkhawa ngakhale alimi ang'onoang'ono osalakwa, nde zinthuzi zikayamba kuyenda sizisankha. Kwanuko kuli ofesi ya zantchito ya boma, kuli a zosamalira anthu, kuli bungwe la antchito a m'fodya la TOAWUM, kuli Malawi Human Rights Commission, kuli atolankhani ofufuza omwe ali ndi mkonzi ndi loya kumbuyo kwawo. Loyayo ndi wofunika, chifukwa mukatchula dzina la esiteti kapena la mwini wake popanda umboni wokwanira mudzapezeka ndinu amene mukuyankha mlandu woipitsa mbiri, ndipo kulowa m'munda wa munthu popanda chilolezo nakonso ndi mlandu pawokha. Ngati mwapeza mwana yemwe akudwala kapena akuzunzidwa lero, musadikire kuti pulojekiti ithe, kanenani lero lomwe. Zina zonsezo zidikire mpaka banjalo litalandira ndalama zake n'kuchoka pamalopo, ndipo muwafunsenso kachiwiri musanatulutse.

Za foni. Foni ndi yokwanira, musadandaule za kamera yodula, Cole analibe olo theka la zomwe foni yanu ingachite. Chofunika n'kusunga fayilo yoyambirira osaikhudza, chifukwa mkati mwake mumalembedwa tsiku ndi nthawi, ndipo zimenezo ndi zomwe zimapangitsa chithunzi kukhala umboni. Ku Marikana ku South Africa, apolisi atapha anthu 34 ogwira ntchito mumgodi pa 16 August 2012, komiti yofufuza inaonetsedwa zithunzi za apolisi omwewo, zojambulidwa kukuwala mitembo ina ilibe zida pambali, zojambulidwa kutada mitembo yomweyo ili ndi zikwanje ndi mikondo pambali, nkhani yonse inagona pa kudziwa kuti chinayamba kujambulidwa ndi chiti. Mukatumiza chithunzi pa WhatsApp mwachizolowezi chimafinyidwa ndipo zolembedwa zamkatizo zimachoka, Facebook nayo imazichotsa, nde potumiza kwa loya kapena mkonzi tumizani ngati document. Koma samalani mbali inayi, ngati location inali yoyatsa fayilo yomweyo ikuloza pakhomo penipeni pa banja lija, nde yoyambirirayo ipite kwa anthu owakhulupirira okha. Mafyuluta ayi, kufufuta kapena kuwonjezera kanthu ayi, makamaka masiku ano pomwe aliyense wogwidwa amangothamangira kunena kuti ndi AI, mwaona nokha anenera chithunzi cha zaka pafupifupi 60. Foni ikhale ndi pasiwedi, ndipo madzulo aliwonse zithunzi zichoke mufoni zipite kwina, kuti mlonda akakulandani n'kukuuzani kuti dilitani muzidilita mosaumira moyo.

Bungwe kapena nyuzipepala ikafuna zithunzi zanu musangopereka pa chibwana, lemberanani kuti azigwiritsa ntchito pati, kwa nthawi yaitali bwanji, mawu a pansi asasinthe popanda inu, ndipo umwini ukhale wanu. Ndaonapo chithunzi chojambulidwa pa nkhani ina chitaikidwa pa chikwangwani chopemphera ndalama za nkhani ina, mwini nkhope osadziwa kanthu. Ndipo sungani makope awiri malo osiyana, m'bale mmodzi wodalirika adziwe komwe ali ndi momwe angawatsegulire. Manegetivu a Cole, mafilimu omwe ankatsukirapo zithunzi, pafupifupi 60,000 anasowa kwa zaka zambirimbiri, abale ake ankaganiza kuti anatayika, anadzapezeka mu 2017 m'chipinda chosungiramo chuma cha banki ina ku Stockholm. Kabuku ka mayina kaja musakasunge limodzi ndi zithunzi, kakhale kwina, ndipo pa fayilo iliyonse muzingolemba nambala yomwe ikugwirizana ndi tsamba la m'kabukumo.